Theka la Pointi: Zomwe Zimabisala Osewera Wamba Akalepherana pa Tchesi

Ndime ya mpikisano wa tchesi ikatha, woweruza amapachika pepala la zotsatira, ndipo gemu iliyonse yomwe sinapeze mwini imalembedwa chimodzimodzi: ½-½. Uyu theka la pointi, uyo theka la pointi. Koma mukanazungulira matebulo masewero ali mkati, mukanaona kuti mathekawa sabwera m'njira imodzi. Pa tebulo lina anthu awiri alimbana maola anayi mpaka pabolodi patsala mafumu awiri okha. Pa lina, munthu anali ndi mfumukazi pomwe mnzake watsala ndi mfumu yokha, koma waitsekera njira zonse osaipatsa cheki (kuiopseza kuti idyedwa), gemu n'kufera pomwepo. Pa lachitatu, awiri agwirana chanza atangosuntha maulendo owerengeka, zida zikadali mbwee pabolodi, chifukwa aliyense akuopa mnzake.

Akatswiri akalepherana, kawirikawiri ndiye kuti palibe walakwitsa mokwanira kuti mnzake apezerepo danga. N'chifukwa chake pamwamba penipeni kufanana mphamvu n'kofala. Mu 2018 ku London, Magnus Carlsen ndi Fabiano Caruana analimbirana ukatswiri wa dziko lonse, ndipo magemu onse 12 a nthawi yaitali anathera kulepherana. Ku Moscow mu 1984 ndi 1985, Anatoly Karpov ndi Garry Kasparov anasewera magemu 48, mwa iwo 40 osapeza wopambana, mpaka mpikisano unaimitsidwa usanathe. Kwa osewera wamba, omwe amabwera ku mpikisano chifukwa chongokonda, nkhani ndi ina. Amalepherana mwa apo ndi apo, ndipo zikatero, nthawi zambiri sikuti palibe walakwitsa. Alakwitsa onse, zolakwazo n'kufafanizana. Wina anali ndi chigonjetso osachiona, kapena anachiona n'kuchita nacho mantha. Choncho gemu yotere imamveka bwino mukayamba mwafunsa kuti inathera njira iti. Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, ali ndi njira zingapo, ndipo iliyonse imakola anthu mwa mtundu wake.

Mfumu yosowa kopondera

Yowawa kuposa zonse ndi stalemate. Lamulo lake ndi lalifupi: ngati nthawi yosuntha ndi yanu, mfumu yanu sili pa cheki, koma mulibe chida ngakhale chimodzi chomwe mungasunthe movomerezeka, gemu yatha ndipo mwalepherana. Sipafunika kupempha kapena kuitana woweruza. Ikani mfumu yakuda yokhayokha pakona, pa h8 (kabokosi kalikonse pabolodi kali ndi dzina: chilembo, a mpaka h, kuchokera kumanzere kwa wa zoyera, ndi nambala, 1 mpaka 8, kuchokera kumbali yake kupita kutsogolo). Wa zoyera, pofuna kuipanikiza, abweretse mfumukazi pa g6. Tayang'anani: pa g8 sipopondeka, pa g7 sipopondeka, pa h7 chimodzimodzi, koma pa h8 pomwe mfumu yaima palibe chikuiopseza. Wa zakuda alibe kopita, ndipo yemwe anali ndi mfumukazi atenga theka lomwelo lomwe atenge mnzake wopanda kanthu uja.

Zoyambitsa zake kwa osewera wamba ndi wotchi ndi dyera. Munthu watsala ndi masekondi ochepa, dzanja likuthamanga kusiya mutu m'mbuyo. Kapena nthawi ali nayo yambiri, koma m'malo momaliza ndi mfumukazi imodzi yomwe ali nayo, akufuna yachiwiri ndi yachitatu kuti mnzake amve kuwawa. Mfumukazi iliyonse yowonjezera imatseka timabokosi tina tomwe mfumu ija ikanapondapo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chikhalirecho mfumukazi imodzi yothandizana ndi mfumu yake imakwanitsa checkmate (cheki yomwe mfumu singaithawe, yomwe imapambanitsa gemu) m'maulendo osapitirira 10, ndipo rook imodzi (chida chonga nsanja, choyenda molunjika) m'maulendo osapitirira 16, ngati munthu akudziwa njira yake.

Lamuloli silinali chonchi kuyambira kale. Panali nthawi ku England, cha m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, pomwe mwini mfumu yotsekeredwayo ndiye ankawerengedwa kuti wapambana. M'zaka za m'ma 1800 ndi momwe zinakhazikika ponseponse kuti ndi kulepherana, ndipo ngakhale pambuyo pake katswiri wa dziko lonse Emanuel Lasker ankafuna kuti wotsekerayo azipatsidwa koposa theka. Ambiri ongoyamba kumene amaona ngati ndi lamulo lopanda chilungamo. Ine ndimaliikira kumbuyo, chifukwa ndi lomwe limapatsa munthu wogonja chifukwa chokhalabe pampando. Pa mpikisano wa dziko la United States wa 1963 mpaka 1964, Larry Evans anali atathedwa pamaso pa Samuel Reshevsky. Anapereka dala mfumukazi yake, kenaka n'kuyamba kupereka cheki ndi rook yomwe inatsala. Reshevsky akaidya rook ija, Evans alibe chosuntha, stalemate. Akaisiya, imulondola ndi cheki mpaka kalekale. Analepherana.

Pa magemu a osewera wamba, stalemate yofunika kuidziwa si yodabwitsa ngati imeneyo. Ndi ya mfumu ndi pawn imodzi (kachida kakang'ono komwe kamatha kusanduka mfumukazi kakafika kumapeto kwa bolodi) polimbana ndi mfumu yokha, yomwe imapezeka pafupifupi pa mpikisano uliwonse. Ikani mfumu yoyera pa e5, pawn yake pa e6, mfumu yakuda pa e7, ndipo wosuntha akhale wa zakuda. Ayenera kubwerera m'mbuyo, koma abwerere kuti? Akabwerera molunjika pa e8, yoyera ibwera pa d6, yakuda iima nayo maso ndi maso pa d8, pawn ikwera pa e7 ndi cheki, yakuda ibwerera pa e8, ndipo yoyera, posafuna kutaya pawn, iyenera kupita pa e6. Pamenepo yakuda ilibe kopita: theka la pointi. Koma akabwerera chambali, pa d8, yoyera ibwera pa d6, yakuda ipita pa e8, pawn ikwera pa e7 popanda cheki, yakuda ikakamizika kutuluka pa f7, yoyera ilowa pa d7, ndipo pawn isanduka mfumukazi. Kusiyana kwa kabokosi kamodzi kokha. Wosewera yemwe anaphunzirapo izi amasuntha osaganiza kawiri. Yemwe sanaphunzire amaponya mwayi, ndipo akapulumuka sadziwa n'komwe kuti chamupulumutsa n'chiyani.

Zida zikachepa, wotchi ikatha

Pali malo ena omwe checkmate singachitike ngakhale onse awiri atagwirizana kuti aipange: mfumu ndi mfumu, mfumu ndi bishopu mmodzi (chida choyenda chopingasa, pa timabokosi ta mtundu umodzi wokha) kapena hatchi imodzi polimbana ndi mfumu yokha, bishopu mmodzimmodzi oyenda pa timabokosi ta mtundu umodzi. Gemu ikafika pamenepo yatha yokha nthawi yomweyo. Mahatchi awiri polimbana ndi mfumu yokha ndi nkhani ina pang'ono: sangakakamize checkmate, koma wothawayo akapusa ikhoza kuchitika, choncho gemu sifa yokha.

Malo ena amaoneka ngati opambana koma si opambana, ndipo apa ndi pomwe osewera wamba amakhumudwa zedi. Muli ndi bishopu ndi pawn ya m'mphepete, tinene ya pa mzere wa h, mnzanu ali ndi mfumu yokha. Kabokosi ka h8 komwe pawn ikasandukire ndi kakuda. Ngati bishopu wanu amayenda pa toyera, ndipo mfumu ya mnzanu yafika kale pakonapo, simungaichotse ngakhale mutasewera usiku wonse. Mabishopu oyenda pa mitundu yosiyana nawonso amameza zigonjetso zambiri: mukhoza kutsogola ndi pawn imodzi, nthawi zina ziwiri, koma mnzanu akaimika mfumu ndi bishopu pa mtundu womwe bishopu wanu safikapo, simudutsa. Munthu yemwe akutsogola amakonda kusinthanitsa zida poganiza kuti akufewetsa ntchito, osadziwa kuti akudzilowetsa yekha m'malo otere.

Tsono wotchi. Nthawi yanu ikatha mwagonja, pokhapokha ngati mnzanu sangathe kukupangani checkmate mwa njira ina iliyonse yovomerezeka, ngakhale inu mutasewera mopusa chotani. Mawu akuti "mwa njira ina iliyonse" ndi omwe amayambitsa mikangano. Ngati mnzanu watsala ndi mfumu yokha, nthawi yanu n'kutha, mwalepherana; izi aliyense amazidziwa. Koma tinene kuti inu muli ndi mfumu ndi rook, iye mfumu ndi hatchi, nthawi yanu yatha. Ambiri amati, "Hatchi yokha singapange checkmate, ndiye talepherana." Mwa malamulo a FIDE mwagonja, chifukwa checkmate ndi yotheka: mfumu yanu pa h8, rook yanu yomwe pa g8 ikuitsekera njira, mfumu yake pa h6, hatchi pa f7. Palibe munthu wanzeru angadziike pamalo amenewo, koma lamulo silifunsa za nzeru, limafunsa ngati n'zotheka. Bungwe la tchesi la ku United States ndi masamba ena osewererapo pa intaneti amaweruza mosiyana, ndipo munthu yemwe anazolowera kusewera pafoni amadabwa akakumana ndi lamulo la FIDE koyamba.

Kubwereza, ndi ntchito ya cholembera

Lamulo lomwe limamvedwa molakwika kwambiri ndi la kubwereza katatu. Anthu ambiri amaganiza kuti likunena za kusuntha kofanana katatu motsatizana. Likunena za momwe bolodi laimira. Ngati zida zonse zaima malo omwewo kachitatu, wosuntha ali yemweyo, ndipo mwayi wa castling (kusuntha mfumu ndi rook nthawi imodzi) ndi wa kudya en passant (pawn kudya pawn ya mdani yomwe yangoidutsa polumpha timabokosi tiwiri) sunasinthe, wosewera akhoza kupempha kuti gemu ithe mofanana. Zilibe kanthu kuti bolodi lafika pamenepo kudzera njira zosiyana, kapena kuti pakati padutsa maulendo ambiri. Ngakhale akuluakulu amakodwa: mu 1971 ku Buenos Aires, Tigran Petrosian, yemwe zinthu zinkamuyenderako bwino mu gemu yachitatu, analola bolodi kuima chimodzimodzi katatu osazindikira, Bobby Fischer n'kuitana woweruza.

Cheki yosatha, yomwe osewera wamba amapulumukira kawirikawiri, ilibe lamulo lakelake masiku ano. Mfumukazi ikamapereka cheki uku ndi uku mfumu osapeza pobisala, bolodi limabwereza lokha, ndipo gemu imathera pa lamulo lomweli kapena pa kugwirizana.

Chovuta ndi kapemphedwe kake, chifukwa kubwereza katatu sikuthetsa gemu pakokha. Ngati kusuntha kwanu ndiko kubweretse kubwereza kwachitatu, musakhudze chida. Lembani kusunthako papepala lanu lolembapo gemu, imitsani wotchi, itanani woweruza, mumuuze kuti mukufuna kusuntha chakuti ndipo bolodi likhala litabwereza katatu. Mukayamba mwasuntha n'kudina wotchi, mwayi wapita kwa mnzanu, ndipo iye akhoza kusintha njira. Woweruza amatenga mapepala anu awiri n'kuibwereza gemu pa bolodi lina. Mukapezeka kuti mwalakwitsa, pa gemu ya nthawi yaitali mnzanu amawonjezeredwa mphindi ziwiri, ndipo muyenera kusuntha chomwe munalemba chija, chikhale chabwino kapena choipa. Apa ndi pomwe pepala losalembedwa bwino limapweteka mwini wake. Osewera wamba ambiri gemu ikatentha amadumpha mizere, ena amalemba zoti iwo eni sangawerenge, ndipo umboni ukasowa pempho limavuta kulitsimikiza.

Lamulo la maulendo 50 limapemphedwa m'njira yomweyo. Ngati aliyense wa awiriwo wasuntha maulendo 50 popanda pawn kuyenda ndiponso popanda chida kudyedwa, gemu ikhoza kuthetsedwa. Pawn ikangoyenda kapena chida chikadyedwa, kuwerenga kumayambiranso. Kumalo osewerera mocheza kuli chikhulupiriro chakuti munthu akatsala ndi mfumu yokha amawerenga maulendo 16, ena amati 21, ndipo akakwana wapulumuka. M'malamulo a FIDE mulibe zimenezo, ndipo wobwera nazo ku mpikisano amangodzichititsa manyazi.

Nambala ya 50 inagwedezekapo. Makompyuta atayamba kuonetsa kuti malo ena amafuna maulendo ochuluka kuti munthu apambane, FIDE inawonjezera malire pa malo oterowo. Mu 1989 ku Belgrade, Ivan Nikolić ndi Goran Arsović anasewera gemu ya maulendo 269, maola opitirira 20, gawo lalikulu la kumapeto kwake ili rook ndi bishopu polimbana ndi rook, ndipo mapeto ake analepherana ndithu. Mu 1992 lamulo linabwerera pa 50 kwa malo onse. Lero makompyuta anawerengeratu malo onse a zida zisanu ndi ziwiri kapena kucheperapo, ndipo ena mwa iwo amafuna maulendo opitirira 500, zomwe palibe munthu angazitsatire. Kwa wosewera wamba, komwe lamuloli limaluma ndi pa bishopu ndi hatchi polimbana ndi mfumu yokha. Checkmate yake ndi yokakamizika m'maulendo osapitirira 33 ukasewera mosaphonya, koma ukasokoneza kawiri katatu, 50 akwana. Si za ongoyamba okha: mu 2013 ku Geneva, Anna Ushenina, ali katswiri wa amayi padziko lonse, analephera kuimaliza polimbana ndi Olga Girya.

Kuyambira mu 2014 pali malire ena omwe safuna pempho la wina aliyense. Bolodi likabwereza kasanu, kapena maulendo akafika 75 popanda pawn kuyenda kapena chida kudyedwa, woweruza amathetsa gemu yekha. Izi zinathandiza kwambiri pa matebulo a ana ndi a ongoyamba, komwe awiri amatha kuzungulirana mpaka holo yonse kutsala ikudikira iwo.

Kugwirana chanza

Njira zonsezi zimachokera pabolodi. Yotsalayi imachokera m'mitima ya anthu awiri, ndipo ndi yomwe ili ndi nkhani zambiri. Kapemphedwe koyenera ndi aka: sunthani chida chanu, nenani kuti mukupempha draw (kuti gemu ithe molepherana), kenaka dinani wotchi. Mnzanu aganize pa nthawi yake, osati yanu. Onse awiri mulembe chizindikiro cha (=) pambali pa kusunthako. Pempho likatuluka silibwezedwa. Limakhalapo mpaka mnzanu atavomera, atakana ndi pakamwa, kapena atakhudza chida kuti asunthe. Mukapempha musanasunthe, mnzanu ali ndi ufulu wokuuzani kuti, "Sunthani kaye ndione," ndipo mukasuntha chinthu chomwe chikumupha, iye akhoza kungotambasula dzanja n'kuvomera. Kupempha mobwerezabwereza ndi kusokoneza mnzanu, ndipo woweruza akhoza kukulangani. Mwa ulemu wa masewerowa, mukakanidwa kamodzi mumadikira kuti mnzanuyo ndiye adzapemphe, kapena kuti bolodi lisinthe kwambiri. Ndipo munthu yemwe zikumuvuta moonekeratu sayenera kupempha. Kutambasulira dzanja munthu yemwe akukuposani ndi rook yathunthu ndi chipongwe.

Chimachititsa anthu awiri kusiya gemu yamoyo n'chiyani? Choyamba ndi rating. Njira yowerengera mphamvu za osewera yomwe anakonza Arpad Elo, yomwe FIDE inayamba kugwiritsa ntchito mu 1970, imayerekeza zomwe munthu akuyembekezeka kupeza. Mnzanu akakuposani ndi mapointi 200, iye amayembekezeka kupeza 0.76 pa gemu, inu 0.24. Kwa wosewera wamkulu yemwe wakhazikika koma sanafikepo pa 2400, kusiyana kwa zomwe wapeza ndi zomwe amayembekezeka kumachulukitsidwa ndi 20. Ndiye mukalepherana naye mumakwera ndi mapointi pafupifupi 5, iye n'kutsika ndi omwewo. Mukamugonjetsa mumakwera ndi 15. Akakugonjetsani mumatsika ndi 5 okha. Kwa ongolowa kumene pa mndandanda, ndi ana omwe sanafike pa 2300, nambala yochulukitsira ndi 40, choncho zonsezi zimawirikiza kawiri.

Yang'anitsitsani ziwerengerozo. Wofookayo akagonja sataya zambiri, akapambana amapindula kwambiri. Komabe ndi iyeyo yemwe amathamangira kuvomera. Wosewera wamphamvu akapempha draw kwa wofooka gemu ili pakati, dziwani kuti pali chomwe waona ndipo sichikumusangalatsa. Palibe amagawa theka la pointi ndi mapointi a rating chifukwa cha chifundo. Wofookayo amamva pempholo ngati ulemu, mtima n'kugunda, dzanja n'kutuluka asanayang'ane n'komwe pabolodi. Madzulo akaika gemu ija pa kompyuta amapeza kuti anali patsogolo kutalitali. Choyenera kuchita pempho likabwera ndi kukhala phee mphindi zingapo, poti silithawa, n'kufufuza chomwe mnzanuyo akuopa. Mukachipeza, sewerani. Mukafufuza moona mtima osachipeza, ndipo nthawi yanu yatsala pang'ono, kuvomera si tchimo.

Chachiwiri ndi kayendetsedwe ka mpikisano. Mipikisano yambiri ya osewera wamba imatsata njira ya Swiss, yomwe inayamba ku Zürich mu 1895: palibe wotuluka, ndipo ndime iliyonse mumakumana ndi munthu yemwe mapointi ake akufanana ndi anu. Tinene kuti mpikisano ndi wa ndime zisanu, awiri apambana magemu anayi onse, owatsatira ali ndi mapointi atatu. Akalepherana mu ndime yomaliza, onse afika pa 4½ ndipo palibe angawapeze. Akamenyana, wina atenga zonse, wina agwera m'gulu la anthu a mapointi anayi. Apa kugwirana chanza msanga kumamveka, ngakhale owonera sakondwa nako. Koma chikho chimakhala chimodzi, ndipo chimaperekedwa powerengera zina, monga Buchholz, yomwe imaphatikiza mapointi a anthu onse omwe munakumana nawo, kapena Sonneborn-Berger, yomwe imawerengera mapointi onse a omwe munawagonjetsa ndi theka la mapointi a omwe munalepherana nawo. Alipo omwe amavomera draw mokondwa, kenaka n'kupeza kuti chikho chapita kwa mnzawo chifukwa cha gemu ya anthu ena pa tebulo lakutali. Kupangana zotsatira gemu isanayambe ndiye n'koletsedwa, ndipo malamulo salola kugwirizana aliyense asanasunthe ngakhale kamodzi.

Okonza mipikisano akhala akulimbana ndi kulepherana kwa msangamsanga. Ku Sofia mu 2005 analetsa osewera kupemphana okha popanda kudzera kwa woweruza. Ku Bilbao mu 2008 anapereka mapointi atatu kwa wopambana ndi imodzi kwa olepherana, monga zimakhalira ku mpira. Mipikisano ina imaletsa kugwirizana maulendo 30 kapena 40 asanakwane, ndipo malamulo a FIDE amalola okonza kuika lamulo lotere, choncho ndi bwino kuwerenga malamulo a mpikisano musanakhale pansi.

Chachitatu, chomwe anthu savomera poyera, ndi kutopa ndi mantha. Gemu yachitatu pa tsiku limodzi, mutu ukuwawa, bolodi lasokonekera moti palibe akumvetsa chomwe chikuchitika. Wina anong'oneza "draw?", mnzake apumira m'mwamba. Kapena awiriwo ndi a kalabu imodzi, amaphunzira limodzi, safuna kukhumudwitsana. Ena amadzitchinjiriza ndi akatswiri: mu gemu ya 12 ya ku London ija, Carlsen anapempha draw zinthu zikumuyendera bwino komanso ali ndi nthawi yambiri, ndipo ambiri anamudzudzula. Koma iye ankadziwa kuti kutsogolo kuli magemu othamanga omwe amawadalira, ndipo anawapambana onse atatu. Anali ndi chomwe ankagula ndi theka limenelo. Wosewera wamba yemwe wavomera pa ulendo wa 18 wagula chiyani? Wadzimana gawo la gemu lomwe amalidziwa pang'ono kuposa onse, la kumapeto, ndipo sadzalidziwa ngati salisewera. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amaletsa ana awo kupempha kapena kuvomera draw bolodi likadali ndi moyo, ndipo ine ndimagwirizana nawo, ngakhale kwa akuluakulu.

Mawu akuti "apa m'pofanana" amanyenganso. Kompyuta ikalemba 0.00 imatanthauza kuti onse akasewera mosaphonya palibe apambane. Sinena kuti kusaphonyako n'kophweka. Pali malo omwe mbali imodzi ili ndi njira khumi zabwino, inayo ili ndi imodzi yokha yopulumukira pa ulendo uliwonse. Rook ndi pawn polimbana ndi rook ndi chitsanzo chabwino. François-André Philidor anaonetsa kale mu 1777 momwe wodziteteza amagwirira: mfumu kutsogolo kwa pawn, rook pa mzere wachitatu kuchokera kumbali yake kuti mfumu ya mdani isadutse, ndipo pawn ikangofika pa mzere umenewo, rook ithamangire kumapeto kwa bolodi n'kumapereka cheki kuchokera kumbuyo. Pamabuku ndi kulepherana. Pa matebulo a osewera wamba malo omwewa amapambanidwa tsiku ndi tsiku, chifukwa wodzitetezayo sanamvepo za njirayi. Yemwe ali ndi pawn alibe chifukwa chovomerera draw asanaone ngati mnzake akuidziwa.

Kulakwitsa kwina kumachitikira mbali inayo: kugonja pamanja pomwe theka linalipo. Mfumu ndi pawn yomwe yatsala ndi kabokosi kamodzi kuti isanduke, polimbana ndi mfumukazi, anthu ambiri amangoimitsa wotchi n'kupereka dzanja. Koma ngati pawn ili pa mzere wa a, c, f kapena h, mfumu yake ili pambali pake, ndipo mfumu ya mdani ili kutali, stalemate imapulumutsa. Pa pawn ya c kapena f, mfumu imathawira pakona n'kuisiya pawn kuti idyedwe, ndipo mfumukazi ikaidya, mfumu ija ilibe kopondera.

Chitsanzo chomwe chimaonetsa bwino kuti maso amanama ndi chomwe Richard Réti anasindikiza mu 1921. Mfumu yoyera ili pa h8, pawn yake pa c6. Mfumu yakuda ili pa a6, pafupi ndi pawn yoyerayo, ndipo pawn yakuda ili pa h5, ikuthamangira ku h1. Wosuntha ndi wa zoyera. Kuyang'ana koyamba, palibe chiyembekezo: mfumu yoyera yatsalira kumbuyo kwa pawn yakuda moti singaipeze, ndipo pawn yake idyedwa posachedwa. Koma mfumu imayenda chopingasa pa liwiro lomwelo lomwe imayendera molunjika. Ipita pa g7, pawn yakuda pa h4. Ipita pa f6. Tsopano ikuyandikira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Wa zakuda akapitiriza kuthamanga ndi pawn pa h3, mfumu yoyera ikhotera pa e7 kukaperekeza pawn yake, ndipo onse apeza mfumukazi. Akati ayambe wathana ndi pawn yoyera, n'kubweretsa mfumu pa b6, yoyera iponda pa e5. Pawn yakuda ikapita pa h3, yoyera ifika pa d6, pawn yake n'kudutsa, onse mfumukazi. Mfumu yakuda ikadya pa c6, yoyera itsikira pa f4, ndipo pawn yakuda ija, yomwe inkaoneka kuti yathawa kalekale, igwidwa isanafike pa h1.